Za wailesi ija ya pa 770

Mnzanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi onse kumeneko. Ife kuno tadzuka. M'kalata yako udafunsa chimene ndimakakamirira wailesi ya AM pomwe anthu adasamukira kalekale ku FM ndi pa foni. Chondigwira ndi WABC ya kuno ku New York, ya pa 770.

Wailesiyi ndi nkhalamba. Idayamba mu 1921 ku Newark ikutchedwa WJZ, dzina la WABC n'kudzalitenga mu 1953. Koma kutchuka kwenikweni kudabwera kuyambira kumapeto kwa 1960, itatembenukira ku nyimbo zimene zavuta pa nthawiyo, zija amati Top 40. Rick Sklar, amene adadzayang'anira mapulogalamu, ankasankha nyimbo zowerengeka n'kumazibwereza tsiku lonse, moti munthu akangotsegula wailesi, posakhalitsa nyimbo ya pamtima pake inkalira.

Ena amati kumeneko kunali kuwamana omvera. Ine sindiona choncho. Pa wailesi imodzimodziyo nyimbo ya ku Motown, kampani yojambula nyimbo ya ku Detroit, inkatsatana ndi ya a Beatles, ndipo mwana wa sukulu, dalaivala wa takisi ndi mayi wa mu ofesi ankaimba zofanana sabata imeneyo. Owulutsa mawu ngati Dan Ingram ndi Cousin Brucie ankakhala ngati abale a pakhomo. Nanga usiku! Mafunde a AM akakwera kumwamba amabwerera pansi kutali kwambiri, choncho ndi mphamvu yake ya mawati 50,000, anthu a m'madera akutali ndi New York ankaigwira bwinobwino dzuwa likalowa.

Chidaigwetsa ndi FM. Kumeneko nyimbo imamveka mbee, pomwe pa AM mphezi ikang'anima wailesi imathetheka. Mu 1978 wailesi ya FM yotchedwa WKTU idayamba kuika disiko yokhayokha, ndipo m'miyezi yochepa idalanda omvera. WABC idalimbalimba, koma pa 10 May 1982 masana idasiya nyimbo n'kusanduka ya zokambirana ndi ndale. Akuluakulu ena kuno ukawakumbutsa tsiku limeneli amayamba apukusa mutu asanayankhe.

Nkhani yondisangalatsa ndi yakuti mu 2020, mkulu wina wa bizinesi dzina lake John Catsimatidis atagula wailesiyi, Cousin Brucie adabwerera ndi pulogalamu ya nyimbo zakale Loweruka madzulo, ali ndi zaka zoposa 80. Mawu ake akula, koma nthabwala ndi chikondi chake pa omvera n'zomwe zija. Ndikamayendetsa galimoto pansi pa mlatho mawu amazilala, kenaka n'kubwerera, ndipo sindisintha siteshoni.

Imapezekanso pa intaneti. Udzayese Loweruka lina ngakhale nthawi yathu ndi yanu ikusiyana, udzandiuze mmene waimvera. Undiperekere moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa nthawi zonse.