Kalata kwa makolo: za malikisi atsopano pa lipoti la mwana wanu

Okondedwa makolo ndi nonse olera ana,

Teremu yachiwiri yatha ndipo ana akubweretserani malipoti. Mupezamo malikisi a mitundu iwiri: a mayeso olemba, ndi a ntchito zimene mwana wachita ndi manja ake kapena kufotokoza pakamwa m'kati mwa teremu. Ena munafunsa pa msonkhano wa makolo ngati zimenezi si masewera chabe. Si masewera ayi.

Kuno kuchigwa teremu ino imagwa pakati pa dzinja. Mitsinje ikasefukira, mwana wa kutsidya sawoloka. Tonse tikukumbukira Marichi 2023, namondwe wa Freddy atadutsa: makalasi anasanduka misasa, makope anapita ndi madzi. Mwana woyesedwa tsiku limodzi lokha, tsikulo likamuipira, khama la teremu yonse lapita pachabe. N'chifukwa chake tikumuyesa pang'onopang'ono, akuphunzira.

A Sitandade 6 anadula mabotolo apulasitiki n'kupanga zoyezera mvula. M'mawa uliwonse ankayeza madziwo ndi rula, kulemba mamilimita, pomaliza n'kujambula girafu. A Sitandade 7 anadzala mapira ndi chimanga m'mizere yoyandikana kuseri kwa ofesi. Ng'amba itagwa, mtsikana wina amene amangokhala duu m'kalasi anaima kutsogolo n'kufotokoza bwinobwino chifukwa chimene chimanga chinafotera msanga mapira ali chiimire. Papepala sitikanadziwa kuti mwanayu ali ndi nzeru zotere, ndipo ine mtima unandikhala pansi. Mphunzitsi amaona ngati mwana wayeza molondola, walemba zimene waona, wagwirizana ndi anzake, ndiponso ngati angalongosole yekha popanda womunong'oneza.

Ndikupempheni chinthu chimodzi, makolo anzanga: musamupangire mwana ntchito yake. Kanyumba kachitsanzo kakabwera kosalala ngati ka kalipentala timazindikira, ndipo tikamufunsa mwanayo amangoyang'ana pansi. Kokhota kopanga yekha n'kamene timakafuna. Inu muthandizeni ndi mafunso. Akuuzeni chomwe wapanga ndi chifukwa chake, kaya m'Chisena kaya m'Chimang'anja.

Mayeso a MANEB a Sitandade 8 adakalipo ndipo ndi olemba, choncho kuwerenga sitinasiye. Patchuthi pano ana apatsidwe nthawi ya mabuku akabwerako kudimba.

Teremu yamawa tiyamba nazale ya mitengo. Mwana aliyense adzabwere ndi timapepala ta shuga totha ntchito ndi njere za nimu kapena msangu. Tsiku lotsegulira talemba kumapeto kwa lipoti.

Ine wanu,
Mphunzitsi wamkulu