Filimu ija yandisowetsa tulo

Chilenje, Lusaka

Mnzanga wapamtima,

Kaya wadzuka bwanji ndi chisanu cha ku Leeds? Kuno tili bwino, kungoti dzuwa latiwotcha ndipo mvula sinagwebe. Ana akupereka moni.

Ndili nawe mlandu. Filimu ija unandiuza, Seven Pounds ya 2008, ndinaionera Loweruka usiku pa laputopu magetsi atazima. Nditaona dzina la Will Smith ndinati lero tiseka. Bwanji sunandichenjeze? Itatha ndinangokhala duu mumdima, nsima itazizira m'mbale.

Poyamba munthu amene Will Smith akusewera m'filimuyi anandinyansa, makamaka pamene ankanyoza Ezra, wosaona uja, pa foni popanda chifukwa. Pambuyo pake mpamene ndinazindikira kuti ankamuyesa mtima. Ngozi ija imene anachita akuyang'ana foni pachiwongolero inapha anthu 7, kuphatikizapo mkazi amene anamutomera, ndiye iye anaganiza zobweza ngongoleyo kwa anthu 7 ena. Mbali ya mapapo, mbali ya chiwindi, impso, nyumba ya kugombe kwa mayi womenyedwa uja, kenako, atadzipha, mtima kwa Emily, mkazi wodwala mtima amene anakondana naye, ndi maso kwa Ezra.

Iwe unati ndi munthu wodzipereka kotheratu. Ine pamenepo tasiyana pang'ono. Ukukumbukira pamene ankamuchotsa mafuta a m'mafupa oti apatse kamnyamata kaja, iye n'kukana mankhwala oletsa ululu? Mwanayo akanapindula chimodzimodzi ngakhale akanamubaya jakisoni. Ululuwo ankaufuna yekha. Ndinaona munthu amene wadziweruza, wadzipeza wolakwa, n'kudzipatsanso chilango, osaitanako wina aliyense pabwalo. Ndipo Emily anamufunsa ndani ngati ankafuna mtima wotere? Amukonda munthu, kenako adzuka m'chipatala ali ndi mtima wake m'chifuwa, mwiniwake kulibe. Zinandiwawa kwambiri izo kuposa ngozi yeniyeniyo.

Usiku wonse ndinkangoganiza za amalume anga, aja ankayendetsa lole pa Great East Road. Unali kale kunja pamene anagunda mwana pafupi ndi Nyimba. Kamtsikana kanatulukira kumbuyo kwa basi yoima, mabuleki sanathandize. Za kupolisi zinayenda m'njira yake, koma chimene sindiiwala ndi tsiku la maliro. Akuluakulu a kwathu anawatenga, tinanyamula thumba la ufa, nkhuni ndi ndalama ya bokosi. Ine ndinawaperekeza. Amalume anakhala pansi kuseri kwa nkhokwe, chipewa chili m'manja, akuchipinda n'kuchipindula mpaka chinatha mawonekedwe. Palibe anawalankhula kwa nthawi yaitali. Achinyamata ena ankatiyang'ana moti ndinayamba kuona kumene tingathawire. Kenako agogo ake a mwanayo anatuma munthu kuti awapatse madzi akumwa. Amalume analira ngati mwana, madziwo akutayikira pa malaya.

Mpaka lero mvula ikayandikira amatumiza matumba awiri a feteleza kubanja lija. Palibe anawalamula. Lole anaisiya, amagulitsa zitsulo ku Soweto Market, ndipo ukakwera nawo minibasi dalaivala n'kugwira foni, amatsika pomwepo ngakhale atalipira kale.

M'filimumo sindinamuone munthu uja akupita kwa abale a anthu amene anafa. Mwina kumeneko mwambo wake ndi wina, iwe ukudziwa bwino. Koma ndinkalakalaka wina atamugwira dzanja, kupita naye pakhomo la anamfedwa, akamutukwane ngati n'kumutukwana, bola amuone nkhope.

M'mawa mwake ndinawaimbira amalume. Za filimu sindinatchule. Tinangokamba za mtengo wa feteleza chaka chino, ndipo ndinawauza kuti thumba limodzi ndigula ine. Anakhala chete pang'ono, kenako anati atumiza mnyamata adzatenge Lachisanu.

Ulendo wina unditumizire yoseketsa, chonde. Upereke moni kwa alamu.

Ndine mnzako wa ku Chilenje