Zovala zogonera za ana ziyezedwe kayakidwe kake

Akonzi,

Kukayamba kuzizira mu June, ana amaunjikana pa mbaula atavala majuzi ndi zogonera za pa kaunjika. Zambiri mwa zovalazi zimachokera kumayiko amene boma linafufuza kale mmene nsalu imayakira, ndipo zimene anapeza kumeneko n'zoti ifenso tizigwiritse ntchito.

Ku America lamulo loletsa nsalu zoyaka msanga, la Flammable Fabrics Act, linakhazikitsidwa mu 1953, anthu atapsa ndi majuzi a rayon amanyunyu amene ankangoti laku, onse n'kutha. Kayezedwe kake n'kosavuta. Amadula kansalu ka masentimita 5 m'lifupi ndi 15 m'litali, amakaumitsa, n'kukapendeketsa pa madigiri 45, kenaka amakagunditsa kalawi kwa sekondi imodzi yokha. Nsalu yosalala ikapserera masekondi 3.5 asanakwane, siyiloledwa kusokera chovala. Zogonera za ana ndiye amakhwimitsa: kansalu amakalendeweretsa, lawi amaliika kumunsi kwake masekondi 3, ndipo akatenga avereji ya tinsalu tonse, popsa pasapitirire masentimita 17.8, ngakhale nsaluyo itachapidwa ka 50.

Thonje ndi rayon zimagwira moto msanga ndipo sizizima zokha. Nsalu ikakhala yopyapyala kapena yamanyunyu, moto umathamanga kwambiri. Polyester ndi nayiloni zimakhwinyata n'kuthawa lawi, koma zimasungunuka ngati jumbo n'kumata pakhungu, bala lake limalowa mkati. Yosakaniza thonje ndi polyester, imene ambiri timaikonda poti sichedwa kuuma, ndi yoopsa mwa njira yake: thonjelo limagwiriziza ulusi wosungunukawo kuti usadonthe, ndiye zonse zimayakira pathupi. Ubweya weniweni wa nkhosa ndiwo umavuta kuyaka. Kasokedwe nakonso kali ndi gawo lalikulu. Diresi yotaya kapena chitenje cholendewera chimalola mpweya mbali zonse ziwiri, ndipo moto ukagwira kumpendero umakwera kulunjika kumaso.

Mankhwala onyikamo nsalu kuti isayake msanga si yankho lodalirika. Mu 1977 boma la America linaletsa mankhwala a Tris m'zogonera za ana atapezeka kuti angayambitse khansa.

Ku Britain, malamulo a 1985 anachititsa kuti zogonera zina zizikhala ndi kalebo ka zilembo zofiira koti "KEEP AWAY FROM FIRE". Kalebo ameneyu amafika naye chovala mpaka pa msika wa Limbe, koma ali m'Chingerezi, nthawi zina atafufutika, ndipo wogulitsa sanena kanthu. Tikupempha a Malawi Bureau of Standards kuti aziyeza nsalu zopyapyala ndi zogonera za ana zolowa m'dziko muno, komanso kuti chenjezolo lizilembedwa m'Chichewa pamalo ogulitsira.

Pakadali pano makolo asankhe zogonera zogwira thupi, zopanda zolendewera. Mwana akhale mita imodzi kutali ndi mbaula, ndipo kandulo kapena koloboyi asayandikire neti ya udzudzu, nayonso ndi yosungunuka. Chovala chikagwira moto mwana asathamange, chifukwa mphepo imakoleza. Mugonetseni pansi, mumgubuduze kapena mumfunditse bulangete lokhuthala, kenaka thirani madzi ozizira pabalapo kwa mphindi 20. Nsalu yomatirira musaimatule. Dzira, mafuta ophikira ndi mankhwala otsukira mano zimangolowetsa tizilombo. Phimbani ndi nsalu yoyera, muthamangire naye kuchipatala.

Aphunzitsi a zosokasoka,
Blantyre