Kalata ya poto uja

Leeds, 3 Disembala

Okondedwa amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana onse. Kuno kwazizira, koma tili moyo. Poto wamagetsi wophika pang'onopang'ono (slow cooker) ndinatumiza uja mwina wafika tsopano, ndiye ndati ndikulembereni kaphikidwe ka nyama ya Khisimisi musanamuyese. Pulagi yake ndi ya mano atatu ngati yathu, magetsi akenso ndi ofanana, ingolumikizani.

Nyama yake ndi ntchafu ya nkhumba yosungidwa mu mchere, kuno amati gammon, ikapsa amati ham. Muifune m'masitolo akuluakulu a m'tauni, ya makilogalamu 2, yopanda fupa kuti ikwane m'poto. Ikakhala youma ndi madzi oundana, isungunuke kaye m'firiji tsiku lathunthu kapena kupitirira. Potoyu amatentha mochedwa, ndiye nyama yozizira chonchi imakhalitsa pa kutentha komwe tizilombo timaswana.

Chimene chimawononga ambiri ndi mchere. Iviikeni m'madzi ozizira usiku wonse m'firiji, mutaye madziwo, ndipo pophika musathiremo mchere ngakhale pang'ono.

Pansi pa poto yalani anyezi awiri odula pakati, nyama ikhale pamwamba pake. Thirani Coca-Cola theka la lita, muwonjezere madzi mpaka afike cha pakati pa nyama kapena kupitirirako pang'ono. Musaimize yonse, chifukwa madzi saphwa m'potoyu ngati pa mbaula. Vundikirani, muike pa Low maola 7 mpaka 8, kapena pa High maola 4 mpaka 5. Ine ndimakonda Low, nyama imafewa osauma. Apa ndiye pofunika kudzigwira, amayi: ndikudziwa dzanja lanu limakonda kuvundukula, koma mukatero nthunzi imathawa ndipo poto amatenga pafupifupi mphindi 20 kuti atenthenso. Mukaipitiriza kwambiri imayamba kunyenyeka, osadulika bwino.

Magetsi akazima pakati, musadikire. Samutsirani nyama ndi msuzi wake m'poto wachitsulo, mupitirize pa mbaula moto wochepa. Mbiya yam'kati ija musaiike pa makala, imasweka. Ikatenthanso musaithire madzi ozizira.

Nyama ikapsa, itulutseni mosamala, muchotse zingwe zomwe anaimanga nazo. Sendani chikopa chokha, mafuta oyera aja atsale. Pa mafutapo chekanichekani mizere yopingasa ndi mpeni, osafika pa mnofu. Sakanizani uchi masupuni akulu 3, shuga wabulauni masupuni 2 ndi mustard wa m'botolo masupuni 2, mupake pamwamba ponse.

Potoyu sangaipsereze kuti ioneke yofiirira ndi yonyezimira, popeza m'kati mwake ndi nthunzi yokhayokha. Pamafunika moto wouma. Mu uvuni ndi madigiri 200 kwa mphindi 20, mukumapakanso uchi wotsikira pansi kamodzi kapena kawiri. Popanda uvuni chitani monga mumachitira ndi chigumu: nyama m'sefuliya, chivundikiro chachitsulo, makala ambiri pamwamba, pansi ochepa kwambiri. Pano ndiye muzisuzumira pafupipafupi, chifukwa shuga sachedwa kupserera ndipo akada amawawa.

Ikatuluka ipume mphindi 15 musanadule, apo ayi madzi ake onse athera m'mbale. Dulani mopyapyala. Yotsala ilowe m'firiji pasanathe maola awiri, idyedwe m'masiku atatu. Msuzi wa Coca-Cola ndi wotsekemera, sugwira ntchito ina, koma mukaphika ndi madzi okha usatayidwe: ulaweni kaye mchere, muphikire nyemba.

Gammon ikasowa, ntchafu wamba ya kumsika imatheka. Imeneyo musaviike, muthire mchere monga mwa nthawi zonse, kungoti m'kati simudzafiira ngati ya kunoyi.

Mundiperekere moni kwa agogo ndi amalume. Ana ajambule nyamayo isanadulidwe anditumizire pa WhatsApp.

Ine mwana wanu.