Wovulala panjinga asamasenzenso ntchito yosaka umboni

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya ngozi za pakati pa njinga zakapalasa ndi magalimoto, makamaka zoti alipire ndani munthu akavulala. Ngozi ikangochitika aliyense amathamangira kufunsa kuti walakwa ndani, koma chomwe chimagamula mlandu kukhoti nthawi zambiri ndi choti kodi ndi ndani akuyenera kubweretsa umboni, ndipo apa ndi pomwe wanjinga amagwera.

Taganizani mmene zimakhalira. Galimoto yaomba wanjinga pamphambano, dalaivala watuluka alibe olo kabala, bampala yokha ndiyo yatiphwanyika pang'ono, foni ili kale kukhutu. Wanjinga uja anthu amunyamula ulendo wa kuchipatala mwina atakomoka, njinga ili m'ngalande limu itapindika masipoko ali mbwee, nsapato imodzi yatsala pakati pa msewu. Nde apolisi akafika apeza ndani woti awafotokozere? Dalaivala yekhayo basi, ndipo mawu ake amakhala omwe aja akuti "anangotulukira mwadzidzidzi". Mboni zabalalika aliyense wapita kwake, njinga ilibe kamera, zizindikiro za mabuleki pamsewu zafufutika. Pakadzatha miyezi munthu uja ali ndi chikhakha kumwendo, ntchito inaima, ndi pomwe tikumuuza kuti apeze loya akatsimikizire khoti kuti dalaivala sanasamale. Zoona zimenezi?

M'maiko ambiri omwe malamulo awo anachokera ku Britain zimayenda choncho, wodandaula ndiye ayenera kuonetsa kuti mnzakeyo anachita mosasamala. Akapezeka kuti nayenso analakwitsako, chipukuta misozi chimadulidwa molingana ndi gawo lake, ku Britain lamulo lolola kugawana kulakwa chonchi linabwera mu 1945. Kwina nkoopsa kuposa apa, ku Alabama ndi North Carolina ku America ukangopezeka kuti unalakwitsako ngakhale pang'ono chabe utha kutuluka m'khoti chimanjamanja olo dalaivala akhale kuti ndi amene analakwa kwambiri.

China chomwe anthu ambiri amasokoneza nchakuti dalaivala akalipitsidwa faindi kapena kumangidwa amaona ngati nkhani yatha. Ayi ndithu. Umenewo ndi mlandu wa boma ndipo ndalama ya faindi imapita kuboma, bilu ya kuchipatala ndi malipiro omwe munthu wataya ali chigonere ndi mlandu wina woti wovulalayo auyambe yekha, ndipo uli ndi nthawi yake, ukachedwa khoti silikumveranso.

Koma sikuti kulikonse zili chonchi. Ku Netherlands gawo 185 la lamulo lawo la pamsewu la 1994 limati galimoto ikagundana ndi wanjinga kapena woyenda pansi mwini galimoto ndi amene ali ndi udindo wolipira, pokhapokha iyeyo aonetse kuti panalibe chilichonse chomwe dalaivala akanachita kuti apewe. Mwaona kusiyana kwake, umboni akusaka ndi uyo anatuluka bwinobwino osati uyo ali pabedi. Makhoti akumeneko anaonjezera kuti mwana wosakwana zaka 14 amapatsidwa chipukuta misozi chonse, ndipo wamkulu olo atalakwitsa amalandirabe osachepera theka, kupatula ngati anachita dala kapena mosasamala moyandikira kuchita dala. Ku France nako kuli lamulo la 1985 lodziwika ndi dzina la Robert Badinter yemwe anali nduna ya zachilungamo, limateteza kwambiri ana osakwana zaka 16 ndi okalamba opitirira zaka 70, komanso limakakamiza kampani ya inshulansi kuti pasanathe miyezi 8 ikhale itanena ndalama yomwe ikufuna kupereka. Ichi chokha chikanapulumutsa mabanja ambiri omwe amangouzidwa kuti failo yanu ikadali mkati mpaka amatopa nkusiya.

Ndikudziwa madalaivala ena atukwana kale powerenga izi, akuti nanga anjinga aja amapalasa usiku opanda nyali, ena mbali yolakwika ya msewu, ena ataledzera, ena kungokhota osakweza ndi dzanja lomwe, ife tiziwalipira chifukwa chani? Dandaulo lawo ndi lomveka ndipo anjinga otere alipodi ambiri, sindikuwaikira kumbuyo. Koma lamulo lomwe ndikunenali silitumiza dalaivala kundende, nkhani ya kundende imafunabe umboni wake, apa tikungokamba zoti inshulansi ya galimotoyo ilipire bala la munthu, ndipo wamkulu wolakwitsa gawo lina amalitayabe. Ndiponso tisaiwale kuti galimoto wamba imalemera kupitirira tani imodzi pomwe njinga mwana amatha kuinyamula, wanjinga akalakwitsa amathyoka ndi iye yemwe, dalaivala akalakwitsa amathyoka ndi wina. Nchifukwa chake maiko ambiri amakakamiza galimoto kukhala ndi inshulansi yolipira anthu ena, nanga ndalama timalipira chaka ndi chaka ija ndi yachani ngati ikafika nthawi yogwira ntchito wovulala akuyenera kumenya nkhondo zaka? Mwina mtengo wa inshulansi ungakwereko, ine ndingalole kuonjezera pang'ono kusiyana nkuti bambo wathyoka msana agulitse katundu wa m'nyumba kuti alipire loya.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu lipoti lake la 2023 linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi za pamsewu chaka chilichonse padziko lonse, ndipo oposa theka ndi oyenda pansi, anjinga zakapalasa ndi anjinga zamoto, anthu omwe alibe chitsulo chowazungulira.

Pempho langa kwa opanga malamulo nlakuti ntchito yobweretsa umboni isamukire kwa mwini galimoto ndi inshulansi yake, ana atetezedwe kotheratu, makampani apatsidwe malire a nthawi yoyankhira. Aganizirenso za uja woombedwa ndi galimoto yothawa kapena yopanda inshulansi, ku Britain kuli Motor Insurers' Bureau kuyambira 1946 yomwe imalipira anthu oterewa ndi ndalama zosonkhedwa ndi makampani a inshulansi eni ake, chifukwa popanda thumba ngati limenelo munthuyu nthawi zambiri alibe woti amulipire.

Ine wanu,
Wowerenga wokhudzidwa