Kalata yotseguka kwa Mkulu wa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA

Bwana,

Ndikulemba za mafoni akufa, mabatire a sola ndi makompyuta akale omwe aunjikana m'makonde mwa amisiri ku Limbe ndi ku Ndirande, ena n'kukathera kudzala la Mzedi. Lipoti la United Nations linati mu 2022 dziko lonse lapansi linataya matani 62 miliyoni a zinyalala zotere, ndipo zotoleredwa mwadongosolo zinali 22 zokha pa 100 zilizonse. Zathu n'zochepa poyerekeza ndi za ena, koma mtovu wa batire limodzi ukalowa m'chitsime, amwa ndi mudzi wonse.

Pempho langa ndi lakuti musanalembe lamulo lina loletsa, muyambe mwawerengera phindu la aliyense wokhudzidwa. Pali masamu otchedwa game theory, omwe anapatsitsa John Nash mphoto ya Nobel mu 1994. Amafunsa kuti munthu achita chiyani pamene phindu lake likudalira zomwe anzake achite. Yankho lake limawawa: anthu anzeru zawo akhoza kukakamira pa chinthu chowapweteka onse, chifukwa woyamba kusintha yekha ndiye amaluza.

Ndi momwe tilili. Woitanitsa katundu akati azilipira yekha zotolera mafoni akufa, mtengo wake ukwera, makasitomala athawira kwa mnzake. Mnyamata wotola zitsulo amaunjika mawaya, n'kuwayatsa ndi chidutswa cha tayala, utsi wakuda uli tolo, chifukwa wogula amayeza mkuwa pasikelo ndipo pulasitiki salipira. Batire amaliswa ndi nkhwangwa, asidi n'kumukhuthulira m'ngalande. Khonsolo ikamanga malo olandirira, imalandira zigoba zokhazokha, zamtengo zitachotsedwa kale. Palibe wopusa apa, Bwana. Aliyense wawerengera bwino.

Za mapulasitiki opyapyala zinatiphunzitsa kale. Boma linawaletsa mu 2015, opanga anathamangira kukhoti, khoti la Supreme linagwirizana ndi boma mu 2019, koma majumbo sanasowe pamsika. Chindapusa cha kamodzi pakanthawi chimachepa poyerekeza ndi phindu la tsiku lililonse.

Koma mabotolo agalasi a zakumwa simuwapeza atatayidwa, ngakhale palibe wapolisi amawalondera. Botolo lopanda kanthu ndi ndalama, mwana aliyense akudziwa. Chitani zomwezo ndi batire ndi foni. Katundu akamalowa pa Mwanza, Songwe kapena Dedza, a MRA azitolera kandalama pa chinthu chilichonse, kwa oitanitsa onse mofanana, kuti pasakhale woluza chifukwa chomvera lamulo. Ndalamayo izibwezedwa kwa aliyense wobweretsa chinthucho chili chathunthu. Chofunika kwambiri n'chakuti iziposa yomwe wogula zitsulo amapereka pa mtovu kapena mkuwa wa m'katimo. Ikachepa ngakhale pang'ono, nkhwangwa ipitiriza ntchito yake.

Akathyali nawonso muwawerengere. Ena adzalowetsa katundu m'njira zachidule n'kudzafuna kubwezeredwa ndalama yomwe sanapereke. Foni iliyonse ili ndi nambala yakeyake yoizindikirira, yotchedwa IMEI, a MACRA, oyang'anira za mafoni ndi mawayilesi, angathandize apo, ndipo mabatire akhoza kudindidwa polowa. Ndalamazi zikhalenso ndi thumba lakelake. Zikalowa mu Account Number One, thumba lalikulu la boma, wotola akabwezedwa chimanjamanja kamodzi kokha, sadzabweranso, ndipo adzauza anzake onse.

Ku South Africa opanga ndi oitanitsa zipangizo zamagetsi anawasenzetsa udindo wotolera zinyalala za katundu wawo mu 2021, ndipo Rwanda ili ndi fakitale yophwasulira zinyalalazi ku Bugesera. Ife tingayambe ndi mabatire okha, m'mzinda umodzi. Pokambirana mtengo wobweza, muitanenso otola zitsulo ndi okonza mafoni, osati a masuti okha, chifukwa mtengo weniweni wa kilo ya mtovu akuudziwa ndi iwowo.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa masamu, Blantyre