Zikomo a RNIB pomvera zokonda za bambo anga

Okondedwa a nthambi ya mabuku omvera ya Talking Books ku RNIB, bungwe lothandiza anthu osaona kuno ku UK,

Ndalemba kuti ndithokoze, mtima uli m'malo. Bambo anga anali mphunzitsi wa Chingerezi kwathu ku Dedza, munthu wosasiyana ndi buku. Matenda a shuga atawawononga maso, tinawatenga kudzakhala nafe kuno ku Leeds, ndipo dandaulo lawo la tsiku ndi tsiku linali mabuku basi.

Tisanakupezeni inu tinaona zakuda. Kampani ina yogulitsa mabuku omvera inkatidula ndalama mwezi ndi mwezi, koma buku loyamba linali lowerengedwa ndi kompyuta, pa maliro ndi pa ukwati liwu lake limodzimodzi. Lachiwiri ankawerenga anali munthu ndithu, koma mayina a ku Nigeria ankawatchula ngati akutafuna chimanga chokazinga, ndipo akafika poyankhula mzimayi ankachita kaliwu kopyapyala koseketsa. Bambo anangoti, "Tazimitsa, akundinyozera nkhani." Nditaimba foni kukadandaula, anandiponya kwa uyu, uyu kwa uyo, mapeto ake wina n'kundiuza kuti mawu a wowerenga si chifukwa chobwezera ndalama.

Ndiye poimba kwa inu ndinali nditamanga kale m'chiuno. Mayi amene anayankha anandidabwitsa. Nditangofotokoza pang'ono, anapempha kuti ayankhule ndi eni akewo. Kwina konse kuja palibe anaganizapo zimenezo, ankangokambirana ndi ine bambo ali chete pambali. Mayiwa anayamba n'kufunsa katchulidwe ka dzina la bambo, n'kulibwereza mpaka kulikhoza. Kenako anawafunsa kuti wowerenga wabwino kwa iwo ndi wotani. Apa mphunzitsi anadzuka! Bambo anafotokoza kuti wowerenga azipuma pomwe wolemba anaika mpumiro, asamachite sewero, asiye nkhani iziyenda yokha. Mayi aja sanawadule, ankaseka nawo, ndipo anawalangiza kuti akakonda liwu la wowerenga wina azisunga dzina lake, n'kumapempha mabuku ena omwe iyeyo anawerenga. Anawauzanso kuti pa kamakina komvetsera angathe kuchepetsa liwiro.

Za mafomu sindikumbukanso bwino, zinangoyenda. Posakhalitsa ka USB kokhala ndi mabuku kanafika pa positi, kobwezanso popanda sitampa chifukwa cha dongosolo la a positi a Royal Mail lotumiza mwaulere zinthu za anthu osaona, la Articles for the Blind. Sitinalipire kalikonse, poti mabuku anu ndi aulere kuyambira 2015. Bambo atamva kuti ntchitoyi inayamba mu 1935 pothandiza asilikali amene anachita khungu pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, anati n'chifukwa chake mumadziwa kuyankhula ndi nkhalamba. Ena aja, odziwa kudula ndalama pa tsiku lake, akanabwera kudzaphunzira.

Chonde mutiperekere moni kwa mayi aja. Bambo atinso ndikuuzeni kuti wowerenga buku lachiwiri lomwe munatitumizira ali ndi liwu labwino, koma amathamanga akafika m'mitu yomaliza.

Ine wanu,
Mwana wa mphunzitsi wopuma, Leeds